Maphunziro a masiku atatu a ma shopu sitiwadi: nyenyezi zinayi mwa zisanu

Ndadikira miyezi inayi ndisanalembe ndemangayi. Ndinkafuna ndiyambe ndaona ngati zimene tinaphunzira zingalimbe pamaso pa abwana, poti m'kalasi chilichonse chimaoneka chophweka. Ndimagwira ntchito pa fakitale ina ku Makata mumzinda wa Blantyre, ndipo chaka chatha anzanga anandisankha kukhala shopu sitiwadi wawo, kutanthauza wowaimira wa yuniyoni pamalo a ntchito. Kulankhula ndinkatha, koma lamulo sindinkalidziwa. Munthu akabwera ndi dandaulo ndinkangopsa mtima naye limodzi, kupita ku ofesi, kubwerako chimanjamanja. Nthambi ya yuniyoni yathu ndiyo inatilipirira, ine ndi mayi wina wa kugawo lolongedza katundu, kuti tikakhale nawo pa maphunziro a atsogoleri a m'nthambi. Tinalipo anthu pafupifupi 30, ena a m'mahotela, ena alonda, ena a m'masitolo.

Tsiku loyamba m'mawa linali la mbiri. Anatifotokozera za kunyanyala ntchito kwa mu May 1992 komwe kunayambira pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead kuno ku Blantyre n'kufalikira mumzinda wonse, za ndime 31 ya malamulo aakulu a dziko yomwe imapereka ufulu wolowa bungwe la apantchito, ndi za mapangano nambala 87 ndi 98 a ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, omwe Malawi inavomereza. Zinali zofunika, koma zinatalika mpaka nkhomaliro, ndipo mphunzitsiyo ankangowerenga zolembedwa pakhoma. Ena tulo tinayamba kuwagwira.

Masana ndiye zinthu zinatembenuka. Kunabwera mayi wina wachikulire yemwe anakhalapo shopu sitiwadi kwa zaka zambiri. Iwo sanayatse n'komwe makina oonetsera. Anatiuza kuti aliyense atulutse peyisilipi yake, yomwe anali atatiuza kale kuti tibwere nayo, aiike patebulo. Kenako analemba pabolodi kuti lamulo la Employment Act la 2000 limati ntchito isapitirire maola 48 pa sabata, ovataimu ya tsiku wamba ilipidwe ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, ndipo ukagwira pa tsiku lako lopuma kapena pa holide ulandire kawiri. Ngati ola lako ndi K600, ovataimu wamba ndi K900, ya tsiku lopuma K1,200. Tinawerengera ndi makakyuleta a pafoni. Bambo wina amene ndinakhala naye moyandikana anawerengera katatu, chala chili pa mzere wa ovataimu, kenako anangoti phee. Anapeza kuti Lamulungu lililonse limene ankagwira pa tsiku lake lopuma ankamulipira ngati tsiku wamba. Mayi aja sanamuuze kuti akapse mtima. Anamuuza kuti asonkhanitse mapeyisilipi a miyezi yonse, alembe masiku m'kope, ndiye akagogode ku ofesi.

Mawu awo amene ndinawasunga ndi oti dandaulo lopanda tsiku, dzina ndi pepala ndi miseche chabe. Kuyambira pamenepo ndimayenda ndi kope lachikuto cholimba m'thumba la ovolosi.

Tsiku lachiwiri ndi limene linandipindulira kwambiri. Tinachita sewero la mlandu wa pantchito. Wina anakhala bwana wa HR (woona za ogwira ntchito), wina woimbidwa mlandu wojomba, ine woimira mnzanga. Nditangoyamba kukweza mawu, mayi aja anandiimitsa. Anandifunsa kuti, "Kalata ya mlandu mwaiona? Mnzanuyu anapatsidwa masiku angati okonzekera? Mboni zake zili kuti?" Ndinalibe yankho ngakhale limodzi. Apo m'pamene anatitsegulira ndime 57 ya Employment Act ija, yomwe imati munthu sangachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito, ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza. Anawonjezera kuti nkhani ikafika ku khoti, udindo wosonyeza chifukwa chochotsera munthu uli pa olemba ntchito. Wochotsedwayo ali ndi miyezi itatu yokadandaula kwa mkulu wa ofesi ya leba m'boma lake, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku khoti la milandu ya zantchito la Industrial Relations Court. Ine ndinamva chisoni nditakumbukira anthu awiri amene anachotsedwa kwathu kale, omwe anakhala pakhomo kudikira kuti mwina abwana awaitananso mpaka miyezi itatuyo inadutsa.

Patatha masabata asanu ndi limodzi ndinaziona ndi maso. Mnyamata wina wa pa makina anauzidwa pakamwa Lachisanu madzulo kuti Lolemba asabwerenso, ati anawononga katundu. Lolembalo ndinapita naye. Sindinakalipe. Ndinapempha kalata ya mlandu, ndinapempha tsiku lomvetsera mbali yake, ndinapemphanso buku lolembamo zowonongeka za makina. M'bukumo munapezeka kuti makinawo anali atadandaulidwa kawiri sabata yomweyo koma sanakonzedwe. Mnyamatayo anapatsidwa chenjezo lolembedwa chifukwa chosazimitsa makina msanga, koma ntchito ali nayo mpaka lero. Potuluka mu ofesimo manja anga ankanjenjemera, kope lili m'khwapa.

Tsiku lachitatu linali la zokambirana za malipiro ndi za sitalaka. Ndinadziwira komweko kuti lamulo la Labour Relations Act la 1996 limafuna kuti yuniyoni ikhale ndi mamembala osachepera 20 pa 100 alionse a ogwira ntchito pamalopo kuti olemba ntchito akakamizike kukhala nayo pansi. Ndinadziwanso kuti sitalaka yovomerezeka siyamba ndi mluzu wa m'mawa: mkangano umayamba wakanenedwa ku unduna wa zantchito kuti ayese kuyanjanitsa mbali ziwirizo, zikalephereka m'pamene mumapereka notisi ya masiku 7. Anatichenjezanso za kusintha kwa lamulo kwa mu 2021, komwe kumalola olemba ntchito kudula malipiro sitalaka ikapitirira masiku atatu pa chaka. Zimenezi mamembala ayenera kuuzidwa asanaponye voti, osati malipiro atadulidwa kale. Za penshoni, zoti kampani imaika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti, anangozikhudza pang'ono, chimodzimodzi za masabata 8 a tchuthi cha uchembere. Mnzanga wa kolongedza uja anakwiya nazo, poti kugawo lake ambiri ndi amayi ndipo funso limene amafunsidwa kawirikawiri ndi lomwelo.

Nyenyezi yachisanu ndaibweza pa zifukwa izi. Mapepala onse anali m'Chingerezi cha maloya. Alonda ena amene tinali nawo anasiyira sukulu ku pulayimale, ndipo ndinkawaona akupinda mapepalawo n'kuika m'thumba osawerenga. Ngakhale ine, pobwerera kuntchito ndinachezera mausiku awiri kumasulira mfundo zikuluzikulu m'Chichewa kuti ndikapachike m'kantini. Ntchito imeneyo inayenera kugwiridwa ndi okonza maphunziro. Za chitetezo cha pantchito ndi chipukuta misozi cha ovulala anazipatsa theka la ola lokha kumapeto, anthu atayamba kale kufunsana za ndalama za thiransipoti, chonsecho kwathu kuno zala zimadukira m'makina. Analonjezanso kuti adzatiyendera m'nthambi pakatha miyezi itatu. Sanabwere, ndipo gulu la pa WhatsApp limene anatsegula mafunso amangounjikana osayankhidwa.

Kwa nthambi imene ikuganiza zotumiza anthu, tumizani awiri, mmodzi akhale mayi, ndipo asankhidwe amene amakhala ndi anthu pa shifiti, osati a komiti okhaokha. Apite ndi mapeyisilipi awo, kontirakiti ndi buku la malamulo a pakampani pawo. Mufunsiretu ngati sewero la mlandu lilipo pa ndondomeko ndi kuti alipatsa maola angati. Ife tapempha kale kuti chaka chamawa apite awiri a shifiti ya usiku, ndipo m'kalata yathu talembamo kuti mapepala adzakhale a m'Chichewa.