Kamera ya lenzi yosachotsa kapena ya lenzi yochotsa: iti yoyenera pojambula mbalame ku Liwonde?

Munthu amene wayamba kukonda kujambula mbalame ndi nyama zakutchire sachedwa kuona kuti foni yake yamulephera, chifukwa nkhwazi imene maso akuiona bwinobwino pansonga ya mgwalangwa imangotuluka ngati kadontho pachithunzi. Akafuna kugula kamera amapeza mitundu iwiri imene imalimbirana ndalama zake. Woyamba ndi wa makamera a lenzi yosachotsa yokokera zinthu pafupi kwambiri, amene ogulitsa amawatcha bridge, monga Nikon Coolpix P950, Nikon Coolpix P1000 ndi Sony RX10 IV. Wachiwiri ndi wa makamera osintha malenzi, monga Nikon D500 kapena Canon EOS R7, atavekedwa lenzi yaitali ya 150-600mm ya kampani ya Sigma kapena Tamron (nambala ya mm ikamakula, lenzi imakokera zinthu pafupi kwambiri). Ndiyerekeza mitundu iwiriyi poganizira nkhalango ya Liwonde, m'mbali mwa mtsinje wa Shire, popeza kumeneko wojambula amakumana ndi kunyezimira kwa madzi, mdima wa m'mitengo ya tsanya, fumbi la m'chilimwe ndi bwato losakhazikika, zonsezi pa tsiku limodzi.

Tikangoona manambala olembedwa pakatoni, makamera a lenzi yosachotsa amapambana kutali. P1000, imene inatuluka mu 2018, imakoka kuyambira pa 24mm mpaka pofanana ndi 3000mm, ndipo P950 imalekezera pa 2000mm, pamene lenzi ya 600mm ikavekedwa pa D500 imangofika pofanana ndi 900mm. Kakowa amene waima tsidya lina la Shire angathe kudzaza chithunzi chonse pa P1000. Komabe kutalika koteroko kuli ndi mavuto ake amene katoni sanena. Pakati pa inu ndi mbalame ya kutali pali mpweya wambiri, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala, dzuwa likangokwera, mpweyawo umanjenjemera ndi kutentha, kuphatikizapo utsi wa moto wa m'tchire, kotero kuti chithunzi chimatuluka chosaoneka bwino ngakhale mutagwira kamera mosasuntha. Palibe lenzi imene ingakonze vuto limeneli. Chimene chimathandiza ndi kuyandikira, kapena kujambula m'mamawa nthaka isanatenthe.

Kusiyana kwenikweni kuli pa sensa, kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera. Sensa ya P950 ndi P1000 ndi yaing'ono kwambiri, pafupifupi mamilimita 6.2 m'litali ndi 4.6 m'lifupi, pamene ya D500 ndi pafupifupi 23.5 m'litali ndi 15.7 m'lifupi, kutanthauza kuti malo ake olandirira kuwala ndi aakulu pafupifupi maulendo 13. Masana dzuwa likuswa mtengo, kusiyanaku sikuoneka kwenikweni, ndipo chithunzi cha ng'ona ikuwothera dzuwa pamchenga chingatuluke bwino pa kamera iliyonse. Tsoka lake, mbalame zambiri sizikonda nthawi imeneyo. Zimadya ndi kuimba dzuwa likungotuluka kapena likupendeka, ndipo zina mwa zimene alendo amalondola ku Liwonde, monga kadzidzi wodya nsomba uja wotchedwa Pel's fishing owl, zimabisala masana m'mitengo ya masamba othinana m'mbali mwa mtsinje, mmene kuwala kumalowa movutikira. Pamalo otere mumakakamizika kukweza ISO, nambala imene mukaikweza kamera imawalitsa chithunzi pamene kuwala kwachepa. Pa sensa yaing'ono, mukadutsa ISO 800 nthenga zimayamba kuoneka ngati zapakidwa phala, chifukwa kamera ikamayesa kufufuta timadontho tobwera ndi kuchepa kwa kuwala imafufutanso timizere ta nthengazo. Pa D500 kapena R7 mungathe kufika pa ISO 3200 chithunzi chili chogwiritsika ntchito. Onjezerani kuti lenzi ya P1000 ikakoka mpaka kumapeto imangotseguka pa f/8 (nambala ya f ikakula, bowo lolowera kuwala limachepa), ndiye kuti kuwala kukuchepa pa nthawi yomwe mukukufuna koposa.

Sony RX10 IV ili pakatikati. Sensa yake ndi yaikulu pafupifupi kanayi kuposa ya P1000, lenzi yake imakhalabe pa f/4 ikafika pa 600mm, ndipo imatha kujambula zithunzi 24 pa sekondi imodzi. Mwa makamera a lenzi yosachotsa, iyi ndiyo ndingaikhulupirire pa mbalame youluka, ngakhale kuti mtengo wake suli kutali ndi wa kamera yosintha malenzi yogwiritsidwapo kale ntchito.

Nkhani ya mbalame youluka ndiyo imaweruza mlandu kwa anthu ambiri. Kuti mapiko a nkhwazi imene ikutsikira nsomba aoneke atayima pachithunzi, liwiro la shutter, kachitseko kamene kamatseguka ndi kutseka kuti kuwala kufike pa sensa, liyenera kukhala pafupifupi 1/2000 ya sekondi, ndipo kamera iyenera kutsata mbalameyo osataya. D500 imajambula zithunzi 10 pa sekondi ndipo inapangidwira ntchito yotereyi, pamene R7, ya mu 2022, imatha kuzindikira yokha diso la mbalame ndi kulitsata. Ma Coolpix aja amachedwa kupeza chinthu choyenda, ndipo mukakoka kwambiri mumangoona kachigawo kakang'ono ka mlengalenga, moti mbalame imatuluka m'chithunzi musanaipeze n'komwe. Ali ndi batani lobweza lenzi kumbuyo kwa kanthawi kuti muipezenso, koma nkhwazi siidikira zimenezo.

Pa kulemera zinthu zimatembenuka. P950 imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, P1000 pafupifupi makilogalamu 1.4, pamene lenzi ya Sigma 150-600mm Contemporary payokha ili pafupi ndi makilogalamu awiri, musanaikepo kamera. Pa ulendo woyenda pansi ndi mlonda wa nkhalango, katundu wotere amatopetsa mikono, ndipo mkono wotopa umanjenjemera. M'galimoto vutoli limatha ndi kathumba kansalu kodzaza nyemba kapena mpunga kamene mumakaika pazenera n'kugonekapo lenzi, koma mupemphe dalaivala azimitse injini musanajambule. M'bwato musavutike ndi tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu, chifukwa miyendo yake imatenga kunjenjemera konse kwa injini n'kukufikitsa ku kamera. Ndi bwino kugwira pamanja, zigongono zitatsamira pamimba, n'kukweza liwiro la shutter.

M'bwato momwemo muli ubwino wina wa lenzi yosachotsa umene anthu amaiwala. Njovu zikatsikira kumadzi kapena mvuu ikatulukira pafupi, mwini lenzi ya 150-600mm amapeza kuti nyama yamukulira, ndipo amangojambula khutu kapena diso, pamene mnzake wa bridge amangobwerera ku 24mm n'kutenga gulu lonse pamodzi ndi migwalangwa ya kumbuyo. Kusintha lenzi pamsewu wafumbi wa m'chilimwe kumalowetsanso dothi pa sensa, ndipo madontho akewo amaoneka pa chithunzi chilichonse cha mlengalenga mpaka mutaitsuka.

Za batire ndingotchula mwachidule: P1000 imatha pambuyo pa zithunzi pafupifupi 250, pamene D500 imapitirira 1000, ndipo poti magetsi a kumalo ogona a m'nkhalango sakhala odalirika nthawi zonse, mwini Coolpix anyamule mabatire awiri kapena atatu apadera.

Kwa ine, amene cholinga chake ndi kudziwa mbalame ndi kusunga umboni wa zimene waona, mwa mitundu pafupifupi 650 yopezeka m'Malawi, atenge P950. Ndi yopepuka, yotsika mtengo poyerekeza ndi enawo, ndipo mamilimita 1000 owonjezera a P1000 sagwira ntchito kawirikawiri m'mpweya wotentha wa m'chigwa cha Shire. Amene akufuna chithunzi choti asindikize chachikulu, chooneka nthenga iliyonse, kapena cha mbalame ili m'malere, apirire kulemera ndi mtengo wa kamera yosintha malenzi, ndipo ngati ndalama zili zochepa agule kamera yogwiritsidwapo kale ntchito kuti zotsalazo azithire pa lenzi. Pogula yotereyi afunse kuchuluka kwa zithunzi zimene shutter yake yajambula kale, ndipo aunikire m'kati mwa lenzi ndi tochi kuti aone ngati mulibe nkhungu, imene imamera msanga m'magalasi osungidwa m'kabati m'nyengo ya dzinja.