Shuga wobwera ndi mankhwala a khansa: kusiya kapena kupitiriza?

Mankhwala ngati pembrolizumab ndi nivolumab amamasula chitetezo cha m'thupi kuti chilimbane ndi khansa. Mwa odwala ochepa, pafupifupi mmodzi mwa 100 alionse kapena kucheperapo, chitetezocho chimalusiranso kapamba n'kupha maselo opanga insulini, yomwe imatsitsa shuga m'magazi. Shuga wake amabwera modzidzimutsa: ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kusanza, ndipo ambiri amafika kuchipatala magazi atachuluka asidi. Shugayo akatsitsidwa, wodwala ndi dokotala amatsala ndi njira ziwiri.

Kusiyiratu mankhwalawo kumamveka kwanzeru, poti ndiwo ayambitsa vuto. Koma maselo aja akafa sabwerera. Wosiyayo azibayabe insulini moyo wake wonse, uku khansa yapeza mpata. Ngakhale prednisolone, amene amathandiza ngati mankhwala a khansawa atupitsa matumbo kapena mapapo, pano sapulumutsa kapamba; amangokweza shuga. Kusiya kumapindula pakakhala zifukwa zina, monga ngati mtima kapena mapapo zakhudzidwanso, kapena khansayo sikumva mankhwalawo n'komwe.

Kupitiriza ndi kumene madokotala ambiri amasankha, ataimitsa kaye mankhwala mpaka shuga akhazikike. Kapamba wawonongeka kale, ndiye kusiya sikuteteza kanthu. Chovuta chake ndi ntchito: kuyeza shuga kangapo patsiku, majakisoni, ndiponso kuyezetsa chithokomiro, chomwe mankhwalawa amachisokoneza kawirikawiri kuposa kapamba. Ngati chotupa chikuchepa ndipo insulini ikupezeka mosadukiza, ine ndingapitirize.