Intaneti ikamadukaduka m'nyumba: MiFi, rauta, eriyo ya padenga, extender kapena Starlink?

Intaneti ikayamba kuvuta m'nyumba, alangizi amachuluka. Uyu akuti gulani extender (kachipangizo kofikitsa Wi-Fi patali), uyo akuti sinthani simu khadi, winanso akuti basi ingoikani Starlink, intaneti ya masetilaiti, zithe. Zonsezi n'zothandiza, koma chilichonse chili ndi nthenda yake imene chimachiza. Extender siikoka nsanja imene yabisala kuseri kwa phiri, ndipo eriyo ya padenga siiboola khoma la kuchipinda. Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu tilinso ndi athuathu mavuto: mapiri otchinga nsanja, komanso malire a Mozambique amene m'malo ena ali tsidya la msewu chabe.

Musanatulutse ndalama, yambani mwadziwa pamene padwala. Imani pafupi ndi rauta, ngati mita imodzi, mutsegule vidiyo pa YouTube. Ikamayenda bwino pomwepo koma kuchipinda n'kumangozungulira, vuto lili pakati pa foni ndi rauta. Ikamazungulira ngakhale mutagundiza foni pa rautayo, vuto lili pakati pa rauta ndi nsanja, kapena bandulo yatha, kapena ndi magetsi. Bandulo ionenitu poyamba. Laputopu ikamadzitsitsira Windows yatsopano usiku, imadya magigabayiti mwini wake ali mtulo, ndipo nyali zonse za pa rauta zimayakabe ngati palibe chachitika.

Kenaka lowani mkati mwa rauta, polemba adiresi yake pamene mumalemba ya webusayiti pa foni kapena laputopu. Adiresi yake yalembedwa pakapepala komata pansi kapena kumbuyo: marauta ambiri a Huawei ndi 192.168.8.1, a ZTE ndi TP-Link kawirikawiri ndi 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Timizere ta netiweki tisakunamizeni, funani manambala awiri, RSRP ndi SINR. RSRP ndi mphamvu ya netiweki imene ikufika pa rautayo: -80 ndi yabwino zedi, -95 ndi yapakati, ikafika -110 ndiye kuti rauta ikumva nsanja ngati munthu woitana ali kutsidya kwa dambo. SINR imaonetsa ngati netiwekiyo ikufika yoyera kapena yosokonezedwa: kupitirira 13 zili bwino, pansi pa 5 muziyembekezera kudukaduka, pansi pa 0 palibe chanu. Manambala awiriwa ndiwo akuuzeni choti mugule.

Foni, MiFi ndi rauta ya patebulo

Hotspot ya foni ndi yongogwirizira. Foni imatentha, batire limatha msanga, ndipo mwini foni akapita kumsika intaneti yapita naye.

MiFi, karauta ka m'thumba kolowa simu khadi, imapambana pa chinthu chimodzi chachikulu: ili ndi batire lake, choncho magetsi akathima imakusunganibe maola angapo. Koma eriyo zake ndi tating'ono, tobisika m'kabokosi kokwana m'thumba, ndipo Wi-Fi yake ikadutsa khoma limodzi la njerwa zootcha imakhala yatopa kale. Kuisiya pa chaja usana ndi usiku kumatupitsa batire. Mukaona chivundikiro chakumbuyo chayamba kutukuka, chotsani batirelo tsiku lomwelo, musadikire kuti linunkhe.

Rauta ya patebulo, monga Huawei B311 kapena B535, ili ndi eriyo zokulirapo, madoko olowetsamo waya wa kompyuta, ndipo yambiri ili ndi polumikizira eriyo ya panja. Mukaziika pawindo limodzi ndi simu khadi imodzimodzi, nthawi zambiri rauta imagwira bwino kuposa MiFi. Kufooka kwake n'kwakuti yambiri ilibe batire. Kwa banja lokhazikika, rauta ndiyo yoyenera. MiFi ndi ya munthu woyendayenda, wogona ku Boma lero, mawa ali ku Mtakataka. Pogula ya kaunjika funsani ngati imalola simu khadi ya kampani ina iliyonse, chifukwa ina inatsekeredwa ku kampani imodzi.

Ngati vuto ndi nsanja

Apa ndi pamene pamatayika ndalama zambiri, ndiye tichedwepo.

Njira yoyamba ndi yaulere. Taganizirani nyumba ya malata ku Bembeke: rauta ili pakona pabalaza, pansi pa TV, kuseri kwa dikoda ndi sipika, RSRP ikuwerenga -112. Malata amabweza netiweki ngati mmene galasi libwezera dzuwa, ndipo makoma amamwa yotsalayo. Inyamuleni rautayo ndi ekisitenshoni, muiyese pawindo lililonse, pamwamba ndithu, ndipo paliponse mudikire mphindi imodzi musanawerenge manambala. Kusiyana kwa windo loyang'ana kunsanja ndi loyang'ana kuphiri kumatha kufika 10 dB, zomwe zikutanthauza mphamvu yochuluka kakhumi. Ngati rauta ikudumphadumpha pakati pa 3G ndi 4G, isankhireni 4G yokha, chifukwa podumphapo m'pamene imadukira.

Njira yachiwiri ndi eriyo ya padenga. Yoloza mbali imodzi, ya Yagi kapena ya panel, ndiyo yothandiza kumalo akutali. Ija yomva mbali zonse imakoka ndi phokoso lomwe, SINR n'kutsika. 4G imathamanga bwino ikamalandira pa eriyo ziwiri nthawi imodzi, choncho gulani ya mawaya awiri ngati rauta ili ndi madoko awiri. Onetsetsani mutu wa waya: marauta a patebulo amakonda SMA, yochita kupota, pamene ma MiFi amene ali ndi doko amagwiritsa ntchito TS9, yongokankha. Marauta ena sazindikira okha eriyo yatsopano, mpaka muwauze m'kati kuti agwiritse ntchito ya panja. Polozetsa pamafunika anthu awiri, wina pamlongoti, wina pa laputopu. Tembenuzani pang'ono, dikirani theka la mphindi, werengani, tembenuzaninso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo tsatirani SINR kuposa RSRP: netiweki yofooka koma yoyera imaposa yamphamvu yodzadza phokoso.

Msampha wa eriyo uli pa waya. Waya wochepa thupi wa mtundu wa RG58 amataya pafupifupi theka la mphamvu pa mamita 5 okha. Mukakoka mamita 20, zonse zimene eriyo yatola kumwamba zimathera m'njira. N'chifukwa chake pali njira yachitatu, imene ine ndimaiika patsogolo mlongoti ukakhala wautali: rauta ya panja, imene simu khadi imakhala m'bokosi losalowa madzi pamwamba pomwepo. Kuchokera kumeneko kumatsika waya wa Cat6, amene amanyamula intaneti ndi magetsi a bokosilo pamodzi, ndipo sataya kanthu mpaka mamita 100. Ndi yokwera mtengo kuposa eriyo wamba, komanso kusintha simu khadi kumafuna makwerero. Zonse ziwiri zimaopa mphenzi: mlongoti ukhale ndi waya wotsikira kuchitsulo chokhomera pansi, ndipo mabingu akayamba m'dzinja zulani mawaya.

Palinso timabokosi togulitsidwa m'dzina la booster, tokoka netiweki n'kuiulutsanso m'nyumba. Timeneti timaulutsa pa mafunde amene makampani a foni anapatsidwa ndi MACRA, ndipo tikaikidwa molakwika timasokoneza netiweki ya mudzi wonse. Tisiyeni.

Nthawi zina manambala onse awiri amakhala abwino, m'mamawa intaneti ikuuluka, koma dzuwa likalowa kapena pa tsiku la msika n'kumakwawa. Imeneyo ndi nsanja yodzadza anthu, ndipo eriyo siichotsapo munthu ndi mmodzi yemwe. Yesani simu khadi ya Airtel ndi ya TNM pamalo omwewo, nthawi yomweyo, kwa masiku atatu. Funso loti yabwino ndi iti lilibe yankho limodzi la boma lonse. Imene ikugwira ku Linthipe mwina si imene ikugwira ku Golomoti, kunsi kwa mapiri.

A ku Lizulu, Tsangano, Biriwiri ndi pachipata cha Dedza, mvetsetsani izi. Netiweki ya kwathu ikazilala pang'ono, rauta imene inasiyidwa kuti izidzisankhira yokha imatha kukakamira Vodacom, Movitel kapena Tmcel za ku Mozambique. Timizere timadzadza bwinobwino, koma intaneti palibe. Ndipo ngati roaming, yolola simu khadi kugwira pa netiweki ya dziko lina, ndi yoyatsa, ikhoza kudya mayunitsi anu, pakuti bandulo ya kuno siigwira kumeneko. Zimitsani roaming, musankhe netiweki pamanja. Rauta ikamaonetsa manambala m'malo mwa mayina, 65001 ndi TNM, 65010 ndi Airtel, ndipo zonse zoyamba ndi 643 ndi za tsidya. Eriyo yoloza mbali imodzi imathandizanso pano, chifukwa imafulatira nsanja za ku Angónia, tsidya la Mozambique.

Ngati vuto ndi makoma

Yambani ndi zosalipira. Rauta ya mafunde awiri imaonetsa 2.4 GHz ndi 5 GHz. Ya 5 GHz ndi yothamanga koma yamantha ndi makoma, ya 2.4 GHz ndi yodekha koma imafika patali. Pa mdadada wa nyumba za lendi, pamene aliyense ali ndi rauta yake, ikani 2.4 GHz pa tchanelo 1, 6 kapena 11, chifukwa zitatuzi ndizo sizilowererana.

Zikakanika, pali extender ndi waya. Extender imakopa chifukwa imangobayidwa pa soketi. Koma yotsika mtengo imalandira ndi kutumiza pa wayilesi imodzi, kotero liwiro limadulidwa pafupifupi pakati. Anthu amalakwitsanso poiika m'chipinda momwemo muli vutolo. Mmenemo ilandiramo chiyani? Malo ake ndi pakatikati, mwina m'kolido, pamene Wi-Fi ikadali yamphamvu.

Waya wa Cat6 wopita ku rauta yachiwiri ndi ntchito ya tsiku limodzi, yobowola khoma ndi kukhomera tizipanira, koma sudula liwiro ndipo suopa malata. Kwa boyizikota, shopu ya kutsogolo kapena ofesi ya kuseri, palibenso mpikisano. Rauta yakale imene inangosungidwa m'kabati imakwanira, bola muikonze motere: zimitsani DHCP (imene imagawira mafoni maadiresi), ipatseni adiresi ya banja lomwelo koma yosagundana, monga 192.168.8.2, ndipo waya alowe pa doko la LAN, osati la WAN. Mukaiwala DHCP, marauta awiriwo amalimbirana kugawa maadiresi, mafoni n'kumaonetsa kuti alumikizidwa koma osatsegula kanthu. Zida za mesh, timarauta tingapo togwira ntchito ngati Wi-Fi imodzi, zimachita zonsezi mosavutitsa mutu, koma mtengo wake ukuyenera loji kapena nyumba yaikulu, osati ya zipinda zitatu.

Magetsi

Rauta ikamadzizimitsa n'kudziyatsa yokha, makamaka anthu akachuluka pa intaneti, kayikirani adaputa musanakayikire rautayo. Werengani kumbuyo: yambiri imafuna 12V 1A, ina 9V. Adaputa ya dikoda ikhoza kulowa bwinobwino pabowo koma mavoti n'kukhala ena. Mavoti afanane ndendende; maampu akhoza kuposa, koma asachepe.

Pa nthawi ya kuthima kwa magetsi, inveta ndi njira yowononga ngati cholinga ndi rauta yokha, chifukwa imakweza 12V kufika 230V kuti adaputa itsitsenso kubwerera pa 12V, mphamvu n'kumatayika kawiri. Mini UPS ya DC, kabokosi ka batire, imakhala pakati pa adaputa ndi rauta, ndipo magetsi akathima rauta siiphethira n'komwe. Batire la 12V 7Ah limasunga mawati 84 a ola limodzi. Poti batire lotere silifuna kukamidwa kupitirira theka, rauta yodya mawati 8 iyenda maola ngati 5. A sola, musalumikize rauta pa batire mwachindunji dzuwa likuswa mtengo, pakuti potchaja limakwera kupitirira 14V. Ikanipo kachipangizo kosunga 12V, ndipo onani kuti + ili pakati pa pulagi.

Nanga Starlink?

Inayamba kupezeka m'Malawi mu 2023, ndipo pa nkhani ya mapiri ndi malire imazipambana zonse zatchulidwazi, chifukwa siidalira nsanja: mbale yake imalankhula ndi masetilaiti oyenda pa mtunda wa makilomita pafupifupi 550. Ku chipatala, sukulu kapena famu imene ili m'chigwa chosafika 4G, yankho ndi lomweli. Koma walira mvula walira matope. Mbale imafuna kumwamba koyera, ndipo paini kapena bulugamu mmodzi wamtali amadula intaneti timasekondi pang'ono mobwerezabwereza, zomwe pa YouTube simuziona koma pa Zoom zimakwiyitsa. Pulogalamu yake ya pafoni ili ndi poyesera zotchinga ndi kamera. Yesani pabwalo panu musanagule. Mvula yamphamvu imaidodometsa kwa kanthawi. Malipiro ake ndi a mwezi ndi mwezi, sali ngati bandulo imene mumagula m'thumba mukalola. Ndipo makoma anu sasintha: ngati Wi-Fi siinkafika ku boyizikota, waya uja adzafunikabe.

Chimene ambiri saŵerengera ndi magetsi ake. Mbale yaikulu imadya mawati 75 mpaka 100, ya Mini 25 mpaka 40. Pa mawati 75, tsiku lathunthu ndi mayunitsi 1.8, pamwezi 54, pamene rauta ya 4G ya mawati 8 siifika ngakhale mayunitsi 6 pamwezi. Batire la 7Ah lija, losunga rauta maola 5, mbale yaikulu ilimaliza m'theka la ola, ndiye wofuna Starlink kumalo kopanda magetsi a ESCOM ayambe wafunsa mtengo wa mapanelo ndi mabatire asanaitanitse mbaleyo.