Uphungu wa ku Randburg wothandiza makolo kuzolowerana ndi mwana wotengedwa kudziko lina

M'dera la Randburg muno mu Johannesburg muli mayi wina, mlangizi wa za chisamaliro cha ana, amene amathandiza mabanja omwe atenga mwana kudziko lina kuti akhale wawo mwalamulo. Ine ndi amuna anga tinapita kwa iwo titabwera ndi mwana wamkazi wa miyezi 9 kuchokera kunyumba ina yosungira ana amasiye ku Malawi, khoti lalikulu litavomereza pempho lathu. Uphungu wawo ndi wokwera mtengo ndipo uli ndi zofooka zake kwa ife Amalawi, komabe ndikuona kuti banja lililonse lomwe lili pa ulendo wotere liyenera kuumva mwana asanafike pakhomo.

Za mapepala anatiuziratu kuti si ntchito yawo. Dziko la South Africa linalowa m'chaka cha 2003 m'pangano la ku Hague la 1993 lokhudza kutenga ana m'mayiko ena, pomwe Malawi sanalowemo, ndipo kwathu nkhani zotere zimadalira lamulo lakale ndi zigamulo za makhoti, monga chija cha 2009 pa mlandu wa woyimba Madonna wofuna kutenga mwana ku Malawi. Choncho anatilangiza kuti za ku khoti ndi za chilolezo chokhalira muno tizifunse kwa loya, iwo atsale ndi zochitika m'nyumba.

Chimene chinandigwira mtima ndi momwe anaunikira khalidwe la mwanayo. Aliyense wobwera kudzamuona ankamutama kuti ndi wofatsa, popeza sankalira, ankagona yekha, ndipo ankalola kunyamulidwa ndi munthu aliyense. Mlangiziyo anati kufatsa kotereku ndiko kofunika kukuyang'anitsitsa, chifukwa mwana wa msinkhu umenewu amene wakulira m'manja mwa munthu mmodzi amakhala atayamba kale kukana anthu achilendo. Mwana amene waleredwa ndi antchito osinthana usana ndi usiku, ngakhale atakhala achikondi chotani, amaphunzira kuti kulira sikubweretsa munthu wake weniweni, ndiye amangoleka. Anatifotokozera zimene John Bowlby, katswiri wa za maganizo a ana wa ku Britain, anaphunzitsa zoti khanda limafuna munthu mmodzi womudalira, komanso kafukufuku wa ku Bucharest m'dziko la Romania, amene anaonetsa kuti ana ochotsedwa m'nyumba zosungira ana n'kupita m'mabanja asanakwane zaka 2 ankazolowerana ndi owalera mosavuta kuposa ochotsedwa mochedwa. Zonsezi anazinena m'mawu osavuta kumva.

Malangizo awo anali oti m'masabata oyambirira kudyetsa, kusambitsa, kusintha thewera ndi kutonthoza zikhale za makolo awiri okha. Mkaka anati tisasinthe msanga, tipitirize umene ankamwa kumene anachokera, ndipo kansalu kamene anabwera nako tisakachape mwachangu chifukwa fungo lake ndilo chinthu chokha chomwe akuchidziwa m'nyumba yachilendo. Anatiphunzitsanso kumuika pachifuwa khungu ndi khungu n'kufunda bulangete, njira ija ya kangaru yomwe inayambira ku Bogotá mu 1978 ndipo amayi ambiri kwathu amaidziwa kuchipatala pa ana obadwa masiku asanakwane. M'nyengo yozizira ya kuno, ya June ndi July, njira imeneyi ndi yabwino kwa onse awiri.

Ulendo umene anabwera kunyumba ndiwo unandisonyeza kuti ntchito yawo amaidziwa. Anakhala pansi pakapeti osalankhula, akundiyang'ana ndikumwetsa mwana mkaka, kenako anandiuza kuti maso a mwanayo ali pababu la magetsi, ndipo timanja take tagwira botolo mwamphamvu monga anazolowera kumwa yekha atatsamiritsidwa. Anandisuntha kuti kuwala kugwe pankhope panga, anati botolo ndigwire ndine, ndimuyandikitse ngati ndikuyamwitsa, ndipo pakati pa kumwako ndimutembenuzire mkono wina. Atakana kundiyang'ana, anati ndisamukakamize, ndizingomuyankhula motsitsa mawu m'Chichewa, popeza ndicho chilankhulo chimene makutu ake anazolowera. Pamenepa ndinawalemekeza, chifukwa ena akadatiuza kuti tiyambiretu Chingerezi poganizira za sukulu.

Pomwe uphunguwu unapelewera ndi pa chikhalidwe chathu. Ife timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo khanda likafika pakhomo amayi a kumpingo, alamu ndi anansi amabwera kudzaliona, aliyense n'kulilandira m'manja. Mlangiziyo anatipatsa chipepala cha m'Chingerezi choti timate pachitseko, chopempha alendo kuti asanyamule mwana. Pakati pa Amalawi chipepala chotero ndi mwano, ndipo chikhoza kudula ubale umene munthu wokhala kuchilendo kuno amaudalira pa matenda ndi pa maliro. Njira tinaipeza tokha: amuna anga anayamba akambirana ndi akuluakulu pambali, n'kuwapempha kuti thandizo lawo likhale la kuphika ndi kuchapa. Apongozi anga, omwe anabwera pabasi kudzatithandiza, anandiuza kuti, "Apongozi, mwana amakula ndi manja ambiri." Ndinayankha kuti, "Zoona amayi, koma tiloleni ayambe wadziwa manja a amake." Anavomera ngakhale mtima sunali pomwepo, ndipo patapita nthawi, mwana atayamba kulira ndikangotuluka m'chipinda, iwo anati tamulera monyanyira, pomwe mlangizi anati chimenechi ndicho chizindikiro chomwe tinkachidikira. Munthu wothandiza mabanja a ku Africa anayenera kukhala ndi mawu okonzeratu olankhulira ndi agogo, osasiyira makolo okha nkhani yovuta chonchi.

Chitenjenso sankachidziwa bwino. Anatitchulira zonyamulira ana za m'masitolo, za malamba ndi zomangira, zomwe mtengo wake ungagule zitenje zambiri. Nditabereka mwana kumsana ndi chitenje pamaso pawo anayang'ana ngati miyendo yatambasuka bwino, ngati mawondo akwera kuposa matako, ngati nkhope ili poyera ndiponso chibwano sichinapanikizike pachifuwa, ndipo anavomereza kuti palibe chifukwa chogulira china. Anawonjeza mfundo imene ndikugwirizana nayo: kumsana mwana amamva kutentha ndi mawu a mayi koma saona nkhope, choncho mwana wongofika kumene azimangidwanso kutsogolo nthawi zina, ndipo abambo nawonso azimunyamula motero.

Anatikumbutsa kuti kuyambira mu January 2020 malamulo a ntchito muno amapereka tchuthi kwa kholo lotenga mwana wamng'ono mwalamulo, ndi thandizo la UIF, thumba la boma la inshuwalansi ya ogwira ntchito, kwa amene amasonkhako. Vuto n'lakuti Amalawi ambiri kuno amagwira ntchito za m'nyumba kapena maganyu, ndipo malangizo oti kholo likhale pakhomo masabata angapo anakonzedwa poganizira anthu a m'maofesi. Mlangiziyo amakumana ndi anthu mkati mwa sabata mokha, m'Chingerezi, ndipo amalipiritsa pa ola. Ngati ndalama zikukwanira maulendo awiri okha, woyamba ukhale mwana asanabwere, wachiwiri muwapemphe abwere kunyumba pa nthawi yomwetsa mkaka, agogo ndi aliyense wokhala pakhomopo alipo.