NZeTA ya ku New Zealand: app ya boma ili bwino, samalani ndi adobadoba a pa intaneti

Amene mumakhala kuno ku Greece ndipo muli ndi achibale kapena mabwana achigiriki amene akufuna kupita ku New Zealand, app ya boma yofunsira NZeTA, chilolezo cha pa intaneti chopitira kudzikolo, ndikuyiyamikira ndi mtima wonse. Ndinaigwiritsa ntchito pokonzera apongozi anga awiri ulendo wa ku Wellington kukaona abale awo, ndipo inagwira ntchito yake bwinobwino popanda kuponda ku ofesi iliyonse.

Agiriki safuna viza akamapita kukacheza mpaka miyezi 3, koma kuyambira pa 1 October 2019 munthu sukwera ndege opanda chilolezo chimenechi, olo ukungodutsa pa Auckland kupita kwina. Ndiye poti anthu kuno anazolowera kuzungulira Europe yonse ndi ID yokha, ambiri amadabwa kumva kuti pakufunika pasipoti, komanso ikhale yoti ikadali ndi miyezi 3 kuchokera tsiku lomwe ukutuluka mdzikomo. Apongozi aamuna anachita kukaitulutsa mu diloo ya pansi mmene amasungamo malisiti akale.

App yo ndi yosavuta. Umajambula tsamba la pasipoti ndi foni, imawerenga yokha dzina ndi nambala, kenako umadzijambula nkhope, kuyankha mafunso angapo ngati unamangidwapo kapena kuthamangitsidwa dziko lina, kulipira ndi khadi basi. Chomwe ndinakonda kwambiri ndi choti imawerenga yokha dzinalo, chifukwa maina achigiriki amavuta akamalembedwa mu zilembo zathuzi, munthu kunyumba timamuitana Giorgos pomwe pasipoti ikuti Georgios, ndipo ukalemba pamanja mmene umamutchulira zikakuvuta pa kauntala ya ndege. Komabe onaninso nambala ya pasipoti musanadine, 0 ndi O zimafanana. Pa chithunzi, apongozi aakazi tinawaimika ku khoma loyera la kukhitchini atavula magalasi, chinadutsa pompo. Aboma amati muziyembekeza mpaka maola 72, ife imelo inabwera tsiku lomwelo.

Ndalama zake nthawi yomwe timalipira zinali madola 17 a ku New Zealand pa app, ukalemba pa webusayiti ya Immigration New Zealand ndi 23. Pamwamba pake pali msonkho wa alendo wotchedwa IVL umene unali 35 koma pa 1 October 2024 unakwera kufika 100 munthu mmodzi. Kwa anthu a penshoni ndi ndalama ndithu, sindibisa, koma imapita kosamalira malo achilengedwe ndi zokopa alendo, ndipo chilolezocho chimakhala zaka 2 utha kulowa kangapo osalipiranso.

Tsono chimene chandilembetsa ndi ichi. Mukasaka NZeTA pa intaneti mu Chigiriki, pamwamba pamabwera mawebusayiti okongola kwambiri, mbendera ya New Zealand, zithunzi za mapiri, zonse zolembedwa mu chilankhulo chawo kuti agogo amve bwino, ndipo amaoneka ngati a boma pomwe ndi adobadoba chabe, amatenga zomwe mwalembazo kukaziika pa fomu yomweyo ya boma nkukutchajani ndalama zambiri pamwamba. Mnzawo wa apongozi wa kutchalitchi anadutsira kumeneko, anatiwonetsa lisiti lake mayi uja mpaka ndinamva chisoni, chilolezo chomwecho koma mtengo wake kutalitali. Chondiwawa kwambiri ndi choti wapereka chithunzi cha pasipoti ndi nambala ya khadi kwa anthu osawadziwa. Adilesi ya boma imathera ndi govt.nz, ikapanda kutero tsekani.

NZeTA si mapeto. Palinso fomu ina yaulere, New Zealand Traveller Declaration, yomwe mutha kuyamba kutumiza kutatsala maola 24 kuti munyamuke, ndipo apa mpamene panali nkhondo pakhomo pathu. Mgiriki sapita kwa mbale wake chimanjamanja. Apongozi aakazi anali atasanja kale patebulo botolo la uchi wa ku Crete, oregano wouma wakumudzi, tchizi, maolivi, zonse zokutidwa bwino ndi nsalu, ndiye ndinachita kukhala nawo pansi nkunena kuti mayi, uchiwu usiyeni, kumeneko salola chifukwa amateteza njuchi zawo ku matenda, ndipo chakudya chilichonse, mbewu kaya zitsamba muzinene pa fomu aone okha zolowa ndi zosalowa. Ukabisa nkukupeza, faindi yake ndi madola 400 pompo, ndipo pa eyapoti pali agalu onunkhiza zikwama. Olo nsapato zoyendera mtchire amaziyang'ana kunsi ngati kuli dothi. Anadandaula koma anamva.

Ulendo wake ndi wautali abale. Palibe ndege yochoka Athens kukatera Auckland, umasintha ku Doha, Dubai kapena Singapore, ndipo kuchoka Doha kokha ndi maola pafupifupi 17 uli mmwamba. Kwa anthu achikulire ndi bwino kuwagonetsa usiku umodzi panjira. Mukasankha tikiti yodzera ku Australia ndipo akufuna kutuluka mu eyapoti, kumeneko kuli chilolezo chawochawo, eVisitor, chomwe Agiriki amatenga ulere. Tikiti yobwerera ikhale mmanja, komanso ku New Zealand atha kufunsidwa umboni wa ndalama, madola 1000 pa mwezi kapena 400 ngati malo ogona analipiridwa kale. Nyengo ndi yotembenuka, December mpaka February kumeneko ndi kotentha pomwe kuno tikunjenjemera, ndipo magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu ku Malawi, zomwe kwa Mgiriki ndi zachilendo, ife tinawauza kuti za renti ya galimoto aiwale.

Ku Wellington ko Agiriki amakafika ngati kwawo. Asilikali a New Zealand anamenya nawo nkhondo ya ku Crete mu May 1941, anthu a m'midzi anawabisa ambiri mwa iwo, ndipo ubalewo ulipobe, tchalitchi cha Orthodox chili mu msewu wotchedwa Hania Street, dzina lochokera ku Chania, mzinda wa ku Crete. Apongozi aamuna ndi a ku Crete ndiye zimenezi zinawakhudza kwambiri.

Ife a pasipoti ya Malawi NZeTA siitikhudza pokacheza, olo mwakwatiwa ndi Mgiriki kapena muli ndi pepala lokhalira kuno, muyenera kufunsira visitor visa ndipo imatenga nthawi yaitali kuposa maola 72 aja, ndiye ngati mukuperekeza achikulire yambani yanuyo kaye musanagule matikiti.