Kumapeto kwa nyengo yotentha ku Indiana: chionetsero cha ku Indianapolis, Holiday World, Shipshewana kapena ku mchenga wa ku Dunes

Chaka chilichonse mwezi wa Julayi ukamapita kumapeto, abale a kuno ku South Bend, ku Mishawaka ndi ku Elkhart amandifunsa funso limodzimodzi tikakumana kutchalitchi kapena tikamacheza pa foni: kodi ana tipite nawo kuti sukulu zisanatsegulidwe? Funsoli ndi lomveka, chifukwa sukulu zambiri za ku Indiana zimatsegulira mwezi wa Ogasiti usanafike n'komwe kumapeto, ndipo tsiku la Labor Day, lomwe limakhala Lolemba loyamba la Seputembala, likangodutsa, malo ambiri osangalalira amachepetsa masiku otsegula. Ambiri a ife timagwira ntchito za mashifiti m'nyumba zosamalira okalamba ndi m'mafakitale, kotero kuti bambo ndi mayi apeze masiku awiri opuma pa nthawi imodzi ndi mwayi wosabwera kawirikawiri. Malo anayi amene ndiwayerekeze pano ndinawapondamo ndi banja langa, ndipo ndineneretu kuti amodzi mwa iwo ndili nawo mangawa pa chifukwa chimene ndifotokoze mosabisa.

Malo amene anthu amathamangira kutchula ndi Indiana State Fair, chionetsero chachikulu cha zaulimi chimene chinayamba mu 1852 ndipo chimachitika ku Indianapolis, pa msewu wa 38th Street, m'masabata oyambirira a Ogasiti. Kuchokera kuno ndi ulendo wa maola awiri ndi theka pa msewu wa US 31. Kwa munthu amene anakulira pa khola la ng'ombe kapena la nkhumba, kumeneko kuli zoti aone mpaka dzuwa kulowa. Ana a alimi amabwera ndi ziweto zimene aweta okha chaka chonse, kuzisambitsa, kuzipesa ubweya ndi kuziyendetsa pamaso pa oweruza, ndipo ndinaona kamtsikana kosakwana zaka 12 kakuwongolera nkhumba yaikulu kuposa iko ndi kandodo kakang'ono, nkhumbayo n'kumamvera. Kulinso mbali yotchedwa Pioneer Village komwe amaonetsa zipangizo zakale zaulimi zikugwira ntchito. Zimenezi ndinazikonda kwambiri, ndipo pa nkhani yophunzitsa ana obadwira kuno kumene chakudya chimachokera, palibe malo oposa amenewa mwa anayiwa.

Koma chionetserochi sichitheka bwino pa ulendo wa tsiku limodzi ngati muli ndi ana aang'ono, ndipo pamenepa ndi pamene ine ndinapsera. Tinaganiza zogona usiku uwiri. Ndinapeza chipinda pa intaneti m'hotela ina imene sinditchula dzina, mtengo wake ukuoneka woti tikhoza kuukwanitsa, ndipo ndinawerengera ndalama zonse za ulendo potengera mtengo umenewo. Titafika Lachisanu madzulo, wolandira alendo anatenga khadi langa la kubanki n'kuyamba kuwerenga zinthu zimene sindinaziyembekeze. Panali msonkho, umene ku Indianapolis umafika 17 peresenti pa chipinda cha hotela mukaphatikiza 7 peresenti ya msonkho wa pa malonda ndi 10 peresenti ya msonkho wa malo ogona alendo. Msonkhowo ndi lamulo, ndipo kusauwerengera kunali kulakwa kwanga. Panalinso ndalama yoimikira galimoto usiku uliwonse pabwalo la hotela yomweyo, imene pa tsamba lawo inalembedwa pansi penipeni m'tizilembo ting'onoting'ono. Chachitatu, chimene chinandipweteka koposa, chinali ndalama ya chikole imene amaigwira pa khadi kuopera kuti mwina mungawononge katundu m'chipinda. Anandiuza kuti imabwezedwa, koma sanandiuze kuti pa khadi la debit ndalamayo imachoka m'manja mwanu nthawi yomweyo ndipo imatenga masiku kuti ibwerere.

Zotsatira zake ndinaziona m'mawa mwake. Titazungulira m'makola mpaka masana, ana anamva njala, ndipo tinaima pa mzere wogula chakudya. Mwana wanga wamng'ono anali atalandira kale chimanga chootcha chopaka batala, atachigwira ndi manja awiri, pamene makina anakana khadi langa. Wogulitsayo analiyesanso kachiwiri mofatsa, anthu a kumbuyo kwathu akuyang'ana kumbali kuti asatichititse manyazi, koma linakananso. Mayi a kunyumba anakhuthula chikwama chawo n'kupeza ndalama za mapepala zokwanira chimanga chokhacho ndi madzi, ndipo ife akuluakulu tinadikira mpaka madzulo. Chikole chija chinabwerera patapita pafupifupi sabata, koma pakati pa masiku amenewo inshuwalansi ya galimoto inali itadzidula yokha ku akaunti yopanda kanthu, banki n'kundilipiritsa chindapusa. Ndikudziwa kuti chionetserocho sichinandilakwire kanthu, koma ulendo ndi ulendo wonse pamodzi ndi pogona pake, ndipo m'masabata a chionetsero mahotela a m'derali amadziwa kuti anthu alibe kolowera. Amene mukupita, funsani pa foni mtengo wonse ndi kukula kwa chikole musanalipire, perekani khadi la ngongole ngati muli nalo, ndipo m'thumba mukhale ndalama za mapepala. Mkati mwa chionetseromo tikiti yolowera ndi chiyambi chabe, chifukwa poimika galimoto, chakudya ndi zokwera za ana zimalipiridwa pazokha. Zaka zaposachedwa akhala akutsitsa mitengo Lachiwiri ndi kutseka Lolemba, kotero yang'anani kaye ndondomeko ya chakacho musananyamuke.

Holiday World, m'tauni yotchedwa Santa Claus kum'mwera kwenikweni kwa Indiana, imachita zosiyana ndi zimene ndadandaulazi, ndipo pa chifukwa chimenechi ndimailemekeza. Malowa anatsegulidwa mu 1946, ndipo mukalipira tikiti, poimika galimoto, zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi zaulere, komanso mbali ya madzi yotchedwa Splashin' Safari imalowa mu tikiti yomweyo. Achinyamata amene amafuna zokwera zothamanga, monga The Voyage imene njanji yake ndi yamatabwa, sadzakukhululukirani mukawapititsa kwina. Vuto lake ndi mtunda. Kuchokera kuno ndi maola osachepera asanu pa galimoto, kutanthauza petulo wambiri ndi hotela ina, ndipo sukulu zikatsegulidwa malowa amayamba kutsegula kumapeto kwa sabata kokha. Matikiti a banja la anthu asanu si ndalama yochepa. Kwa amene amakhala ku Indianapolis kapena ku Evansville nkhani ndi ina, koma kwa ife a kumpoto ndi ulendo woukonzekera kuyambira mwezi wa Meyi.

Shipshewana ili pafupi, ulendo wa pafupifupi ola limodzi kulowera kum'mawa, pakati pa midzi ya anthu a chipembedzo cha Amish m'dera la LaGrange. Msika wake waukulu wapabwalo umachitika Lachiwiri ndi Lachitatu kuyambira Meyi mpaka Seputembala, ndipo izi zimakomera ife a mashifiti amene nthawi zambiri timapuma pakati pa sabata. Lamlungu musavutike kupitako chifukwa masitolo ambiri amakhala otseka. Mu Ogasiti m'mphepete mwa misewu mumadzaza timisika ta tomato, mavwende ndi chimanga chachiwisi, ngakhale kuti chimanga chawo ndi chotsekemera ndi chofewa, chosafanana ndi dowe amene tinazolowera. Makolo obwera kudzacheza kuchokera kumudzi amasangalala kwambiri kumeneko, chifukwa amaona ngolo zokokedwa ndi akavalo, zovala zoyanikidwa pa chingwe ndi ana akugwira ntchito kumunda. Yendetsani galimoto pang'onopang'ono pafupi ndi ngolozo, ndipo musajambule nkhope za eni mudzi, chifukwa ambiri a iwo chikhulupiriro chawo sichilola. Ana aang'ono, kunena zoona, amatopa nako pakatha maola awiri.

Kumene ine mtima wanga uli ndi ku Indiana Dunes, mapiri a mchenga a m'mphepete mwa nyanja ya Michigan, ulendo wa pafupifupi ola limodzi kulowera kumadzulo. Mukhoza kunyamuka mutadya kadzutsa, kukhala tsiku lonse, n'kubwerera kudzagona pa bedi lanu, popanda munthu wogwira chikole pa khadi lanu. Chakudya mumanyamula chanu. Ife timatenga mpunga, nkhuku yokazinga ndi mandasi m'bokosi loziziritsira, ndipo ndalama imene timaononga ndi ya petulo ndi ya pachipata basi. Nyanjayi ndi yaikulu pafupifupi kawiri kuposa nyanja ya Malawi, madzi ake ndi opanda mchere ngati a kwathu, ndipo mu Ogasiti ndi pamene amakhala atafunda bwino, pamene mu Juni amabaya mafupa. Kukacha bwino mumaona nyumba zitalizitali za ku Chicago zitaima patali ngati zamera pamadzi. Sindibisa kuti mukatembenukira kumbali mumaonanso mafakitale a zitsulo a ku Burns Harbor ndi ku Gary, ndipo ena zimawanyansa, koma malowa anatetezedwa chifukwa anthu anamenyera nkhondo kuti mafakitalewo asameze gombe lonse.

Pali msampha umodzi umene wakola abale ambiri. Dzina la Indiana Dunes lili pa malo awiri osiyana oyandikana. Pali Indiana Dunes State Park, ya boma la Indiana, imene inakhazikitsidwa mu 1925, ndipo yazunguliridwa ndi Indiana Dunes National Park, ya boma lalikulu la dziko, imene inatetezedwa mu 1966 n'kukwezedwa kukhala National Park mu 2019. Kuyambira mu 2022 National Park inayamba kulipiritsa madola 25 pa galimoto, chiphaso chake n'kumagwira ntchito masiku 7. Chiphaso chimenecho sichigwira ntchito ku State Park, ndipo cha ku State Park sichigwiranso ntchito ku National Park. Ngati galimoto yanu ili ndi nambala ya Indiana ndipo mukupita tsiku limodzi lokha, State Park ndi yotsika mtengo, pamene a nambala ya Michigan kapena Illinois amalipira zochulukirapo. Sankhani mbali imodzi musananyamuke ndipo mukhale komweko.

Ine ndimasankha State Park chifukwa zonse zili pamodzi: gombe lalikulu, zimbudzi, posinthira zovala ndi njira zoyenda m'nkhalango. Muli ulendo wapansi wotchedwa 3 Dune Challenge wokwera mapiri atatu a mchenga, Mount Jackson, Mount Holden ndi Mount Tom. Mtunda wake ndi pafupifupi makilomita awiri ndi theka okha, ndipo Mount Tom, lalitali pa onse, ndi la mamita osakwana 60, kotero munthu amene anakwerapo Mulanje kapena Zomba akhoza kupeputsa. Koma mchenga suli ngati mwala, chifukwa ukaponda mapazi atatu umabwerera limodzi, ndipo masana umaotcha moti ana opanda nsapato amalira. Kwerani m'mawa, kenako mutsikire kumadzi. Mbali ya National Park kuli Mount Baldy, phiri limene mphepo imalisuntha chaka ndi chaka mpaka kukwirira mitengo. Mu 2013 mnyamata wa zaka 6 anamira m'dzenje limene linatseguka pa phirilo pamalo pamene mtengo wokwiririka unaolera, ndipo anamufukula ali moyo patatha maola opitirira atatu. Kuchokera nthawi imeneyo kukwera pamwamba pake kumaloledwa pokhapokha muli ndi woyang'anira malowo, ndipo zikwangwani zoletsa si zokongoletsa.

Chimene ndikupempha kholo lililonse kuti lisachitenge mwachibwana ndi madzi. Poti mulibe ng'ona, mvuu kapena likodzo, anthu a kwathu amaganiza kuti nyanjayi ndi yofatsa, koma imapha anthu chaka chilichonse, ndipo kum'mwera kwake kuno ndi kumodzi mwa malo oopsa. Mphepo ikaomba kuchokera kumpoto imayenda pamwamba pa nyanja yonse n'kudzaunjika mafunde pa gombe la Indiana, ndipo madziwo pobwerera amapanga mkokomo wopapatiza wokokera munthu kunyanja, umene ngakhale wodziwa kusambira sangalimbane nawo molunjika. Ukakugwirani, musapikisane nawo. Yandamani, sambirani motsata gombe mpaka mutulukemo, kenako mulowere kumtunda. Sambirani pamene pali opulumutsa anthu, monga pa gombe la State Park ndi la West Beach, ndipo dziwani kuti chakumapeto kwa Ogasiti opulumutsawo sakhalapo masiku onse chifukwa ambiri ndi ophunzira amene amabwerera kusukulu. Akaletsa kusambira, ana asewere pamchenga ngakhale alire.

Kwa amene alibe galimoto yodalirika, sitima ya South Shore Line yochokera pa bwalo la ndege la South Bend kupita ku Chicago imaima pa siteshoni ya Dune Park, koma kuchokera pamenepo kukafika kumadzi ndi kamtunda koti muyende wapansi, kotero musanyamule katundu wambiri. Kumbukiraninso kuti South Bend imatsata nthawi ya Eastern pamene dera la Dunes limatsata ya Central, ndiye wotchi imabwerera ola limodzi popita n'kulumphanso ola limodzi pobwerera, chinthu chimene chachedwetsapo anthu ku shifiti ya usiku. Loweruka ndi Lamlungu malo oimika galimoto amadzaza msanga ndipo mzere wa pachipata umatalika, choncho ife timayesetsa kufika isanakwane 9 koloko m'mawa pa nthawi ya kumeneko, kapena timapita Lachitatu sukulu za m'derali zitatsegulidwa kale, ana athu akakhala kuti atsala ndi masiku angapo.