Chindapusa cha pamsewu ku Joni: loya amafunika liti?

Abale amene mukukonzeka kubwera kuno ku South Africa kudzagwira ntchito yoyendetsa galimoto, dziwani kuti chikalata cha chindapusa cha pamsewu sichibisidwa m'kabati, chifukwa kuno mlandu suiwalika.

Ku Johannesburg ndi ku Tshwane (dera la mzinda wa Pretoria) milandu ing'onoing'ono ya pamsewu imayendera lamulo la AARTO, lomwe linayamba kugwira ntchito m'mizinda iwiriyi mu 2008. Munthu akalipira masiku 32 asanathe, amamudulira theka la chindapusa. Ngati sakugwirizana ndi mlanduwo, amalembera bungwe la boma loyang'anira zindapusazi, lotchedwa RTIA, kufotokoza mbali yake, ndipo ngati galimoto inali m'manja mwa wina tsikulo, amatchula dzina la woyendetsayo. Amene angokhala chete amadzadzidzimuka tsiku lokonzanso laisensi, akuuzidwa kuti palibe chimene chituluke mpaka atalipira. M'madera ena monga Cape Town chikalata chimafika ndi tsiku la kukhoti, ndipo wosalipira komanso wosaonekera amalemberedwa chilolezo choti amangidwe.

Ine ndinalandirapo chikalata chonena kuti kamera inandijambula ndikuthamangitsa galimoto. Nditapempha chithunzi, nambala inalidi yanga, koma galimotoyo inali yoyera pamene yanga ndi yofiira, ndipo kumbuyo kwake kunali chitsulo chokokera ngolo chimene yanga ilibe. Akuba anali atakopera nambala yanga. Ndinakalumbira kupolisi, ndinajambula galimoto yanga mbali zonse, ndinatumiza pamodzi ndi kalata, ndipo mlanduwo unathetsedwa popanda loya. Pa milandu yotere, kapena ya kuimika galimoto pamalo olakwika, ndalama ya loya imaposa chindapusa chenichenicho, choncho ine sindiona chifukwa chomulembera.

Nkhani imasintha munthu akamangidwa. Wopyola liwiro lovomerezeka ndi makilomita oposa 30 pa ola m'tauni, kapena oposa 40 pamsewu waukulu, komanso wopezeka ndi mowa m'magazi wofika magalamu 0.05 pa mamililita 100, salipira n'kumapita. Amatengedwa zidindo za zala n'kukaonekera pamaso pa woweruza. Apa ndi pamene anzathu ambiri amandimvetsa chisoni, chifukwa mantha a chitokosi amawachititsa kuvomera mlandu msangamsanga kuti abwerere kuntchito, osadziwa kuti dzina lawo lalowa m'kaundula wa anthu olakwira malamulo. Kwa mlendo, zimenezi zimadzatulukira pokonzanso chiphaso chokhalira m'dziko, pamene pamafunika kalata ya kupolisi, ndipo mabwana ambiri salemba dalaivala wa mbiri yotere. Loya amafufuza ngati makina oyezera liwiro anapimidwa pa nthawi yake, ngati magazi anatengedwa maola awiri asanathe monga lamulo linenera, ndipo amatha kukambirana ndi woimira boma pa mlandu. Pamenepo ndalama yake siipita pachabe. Amene alibe ndalama apemphe thandizo ku Legal Aid South Africa, bungwe lopereka maloya kwa osowa ndalama, tsiku loyamba lomwelo kukhoti, asanasaine pepala lililonse.